Matayala a Galimoto m'Maiko a Chipale Chofewa

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi

Lero tikamba za matayala ndi magudumu a galimoto, ndi kasankhidwe kake m'maiko ozizira kumene kumagwa chipale chofewa. Kapena ena mwa inu ayamba kale kufunsa mumtima kuti, "Nanga ife zimenezi zitikhudza bwanji, popeza chipale kuno sichigwa?" Funso limeneli nlabwino, ndipo mayankho ake alipo awiri.

Loyamba ndi ili: ana a m'midzi mwanu ambiri ali ku Britain, ku Ireland, ku Germany, ku Norway, ku Canada ndi ku America. Ena ali pa sukulu, ena ndi anamwino, ena amasamala okalamba, ndipo ambiri amalawira m'mamawa pa galimoto kupita ku ntchito. Kuyendetsa anaphunzirira kuno kapena ku Joni, kumene mseu suuma madzi. Mwana wotere akachita ngozi kutali, chisoni chimafika m'mudzi mwanu, ndipo thandizo limene ankatumiza limalekera pomwepo. Lachiwiri ndi ili: magalimoto ambiri amene tikugula kuno ndi ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, dziko limene kumpoto kwake kumagwa chipale chambiri. Ena amafika atavala matayala a nyengo yozizira, ndipo mwini wake sadziwa. Tsono tcherani khutu, pakuti nkhaniyi njathu tonse.

Poyamba penipeni gwirani mfundo imodzi. Galimoto, ingakule bwanji, imagunda pansi pa malo anai okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha dzanja lanu. Mphamvu ya injini, mabuleki ndi chiongolero, zonsezi zimathera pa zikhatho zinai zimenezi. Zikapanda kugwira pansi, woyendetsa alibenso chochita, ngakhale akhale katswiri wotani.

Mseu wa m'nyengo yachisanu

Kumaiko a kumpoto nyengo zimasemphana ndi zathu. Pamene ife tikubzala ndi kupalira, kuyambira Novembala mpaka Malichi, iwo ali pakati pa chisanu. Inu a ku Dedza ndi a kufupi ndi Nyika mumadziwa m'mene chisanu chimawaulira mbeu za kudimba m'mwezi wa Juni ndi Julayi. Kumeneko nkuzizira kwa usiku umodzi. Ku Finland ndi ku Canada kuzizira kumatsika kufika madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro, ndipo nyanja zimauma pamwamba kotero kuti anthu amayendapo.

Mvula ya nyengo imeneyo imagwa ngati thonje loyera, ndiye chipale chofewa. Magalimoto akachipondaponda chimalimba. Masana dzuwa limachisungunula pang'ono, usiku madziwo amaumanso nakhala ngati galasi. Choopsa koposa ndi madzi oundana opyapyala amene saoneka konse: mseu umaoneka wakuda ngati wangonyowa, koma uli woterera kuposa dothi la makande mvula itagwa. Buku la malamulo a pamseu la ku Britain limachenjeza kuti pa madzi oundana galimoto ingathe kufuna mtunda wotalika kakhumi kuti iime, poyerekeza ndi pa mseu wouma.

Musayese kuti zimenezi nza kutsidya la nyanja kokha. M'mapiri a Lesotho chipale chimagwa kawirikawiri m'miyezi ya chisanu. M'mwezi wa Seputembala 2024 chinagwa chambiri pa Van Reenen, pa mseu waukulu wa N3 wochokera ku Durban kupita ku Johannesburg, ndipo magalimoto ambiri anagona pamseu osatha kusuntha. Mseu umenewu madalaivala athu a malole amaudziwa bwino.

Chifukwa chake tayala wamba limalephera

Tayala amalipanga ndi mphira, wina wa m'mitengo yonga ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay, wina wopangidwa m'fakitale, nasakanizamo zinthu zina. Mphira uli ngati phula la njuchi. Padzuwa phula limafewa, m'mawa wa Juni limauma gwa. Tayala limagwira mseu chifukwa mphira wake umafewa nulowa m'timaenje ta tara. Kukazizira, mphira wa tayala wamba umauma, ndipo tayalalo limangotsetsereka pamwamba. Opanga matayala amapereka malire osavuta kukumbukira: kuzizira kukamakhala pansi pa madigiri 7 masiku ambiri, nthawi yosintha matayala yakwana, ngakhale chipale chisanagwe.

Tayala la nyengo yozizira limasiyana ndi linzake pa zinthu zitatu. Choyamba ndi mphira wake, umene amausakaniza mwa njira yakuti ukhalebe wofewa m'chisanu choopsa. Chachiwiri ndi ngalande za pakati pa mano ake, zimene ziri zakuya ndi zotakata. Ngalandezi zimataya madzi ndi chipale chosungunuka, ndiponso zimagwira chipale chouma m'kati mwake, pakuti chipale chimamatirira bwino pa chipale chinzake. Chachitatu ndi timing'alu tating'ono tambirimbiri todulidwa pa dzino lirilonse. Tayala likaponda pansi timing'aluti timatseguka, m'mphepete mwake mumaluma, ndipo timamwa timadzi topyapyala timene timakhala pamwamba pa madzi oundana. Timadzi timeneti nditimene timachititsa mseu kuterera kwambiri.

Nzeru imeneyi inayambira ku Finland. M'chaka cha 1934 fakitale ya mphira ya m'tauni ya Nokia inapanga tayala loyamba la nyengo yozizira, la malole, ndipo mu 1936 inatulutsa la magalimoto ang'onoang'ono lotchedwa Hakkapeliitta. Dzina limeneli likugwirabe ntchito lero pa matayala a kampani ya Nokian.

Mitundu yosankhapo

Mlimi sabzala mbeu imodzi paliponse. Ya kudambo ndi ina, ya kumtunda ndi ina. Nchimodzimodzi matayala awa: munthu asankhe molingana ndi dera limene akukhala, ndi miseu imene amayendamo tsiku ndi tsiku.

Mtundu woyamba ndi wa misomali. Pa mano ake amakhomapo timisomali tachitsulo cholimba totulukira kunja pang'ono, timene timakanda madzi oundana. Matayala otere anafala m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa mseu wouma madzi ngati galasi palibe lowaposa. Koma pa tara wopanda chipale amasokosera, amakumba mseu ndi kuutsa fumbi loononga mapapo. Nchifukwa chake Germany anawaletsa, ndipo mu mzinda wa Oslo ku Norway woyenda nao amalipira msonkho wapadera. Ku Japan fumbi limeneli linavuta kwambiri m'mizinda ya Sendai ndi Sapporo, kotero kuti mu 1990 Boma la dzikolo linaika lamulo lowaletsa m'madera ambiri.

Mtundu wachiwiri ndi wopanda misomali koma wa mphira wofewa kwambiri ndi timing'alu tochuluka. Umenewu ngwa kumene chisanu chimakhalitsa miyezi yambiri, monga ku Sweden, ku Finland, ku Canada ndi ku chilumba cha Hokkaido ku Japan. Uli bwino pa chipale ndi pa madzi oundana, koma pa tara wonyowa wofunda sugwira bwino kwenikweni.

Mtundu wachitatu ngwa maiko onga Germany, Austria ndi France, kumene chisanu chiri chapakati, miseu amaipala msanga, ndipo magalimoto amathamanga. Mphira wake ngwolimbirapo, ndipo umachita bwino pa mseu wozizira wonyowa ndi pa chipale chosungunuka.

Mtundu wachinai ngwa chaka chonse, umene unayesedwa pa chipale nupambana mayesowo. Suposa tayala lenileni la chisanu m'chisanu, ndiponso suposa la dzuwa padzuwa, koma umakwanira kumene chipale chimagwa masiku owerengeka pa chaka, monga kumwera kwa England ndi ku Ireland. Wokhala kumapiri a Scotland kapena kumidzi ya ku Canada asadalire umenewu ngati angathe kugula enieni.

Palinso matcheni ovekera pa matayala. Amenewa nga nthawi yochepa, pokwera phiri la chipale chakuya. Amawaveka pa magudumu amene injini imazunguza, amayenda nao osapitirira makilomita 50 pa ora, ndipo amawavula akangofika pa tara woyera.

Kuwerenga zolembedwa pambali pa tayala

Tayala lirilonse liri ndi chitupa chake cholembedwa pambali. Wogulitsa angathe kunena zokoma, koma chitupacho sichisintha. Uzani ana anu aziwerama nkuwerenga asanatulutse ndalama.

Chizindikiro chofunika koposa ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka chipale. Chinayamba ku Canada ndi ku America mu 1999, ndipo chimatanthauza kuti tayalalo linayesedwa pa chipale ndipo linakwanitsa muyeso woikidwa. Palinso zilembo zakuti M+S, kutanthauza matope ndi chipale. Zilembo zimenezi pazokha sizitsimikiza kuti tayala linayesedwa pa chipale. Choncho wofuna tayala la nyengo yozizira ayang'ane phiri lija, asakhutire ndi zilembo zokha.

Kenaka pali manambala a msinkhu. Tiyeni titenge chitsanzo ichi: 205/55 R16 91H. Nambala ya 205 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Ya 55 ikunena kuti kutalika kwa m'mbali mwake ndi magawo 55 pa 100 a kutambalalako. Chilembo cha R chikunena kalukidwe ka nsambo za m'kati. Ya 16 ndi kukula kwa chitsulo chimene tayala limavala, m'mainchesi. Ya 91 ndi ya katundu, ndipo ikutanthauza makilogalamu 615 pa tayala limodzi. Chilembo chomaliza ncha liwiro: H ndi makilomita 210 pa ora, T ndi 190, Q ndi 160. Msinkhu woyenera galimoto umalembedwa m'buku lake ndiponso pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa. Nambala ya katundu isachepe kuposa imene opanga galimoto analemba.

Chomaliza ndi tsiku lobadwa. Funani zilembo zakuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo mupeza manambala anai. Akakhala 3522, ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 35 ya chaka cha 2022. Mphira umauma ndi ukalamba ngakhale tayala lisayende, ndipo tayala la chisanu louma lataya chimene analigulira. Ambiri opanga magalimoto ndi matayala amalangiza kuti tayala likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi liziyang'aniridwa kawirikawiri, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano alipo.

Malamulo a maiko

Mlendo amatsata mwambo wa mudzi umene wafikamo. Dziko lirilonse liri ndi lamulo lake, ndipo tingotchula ochepa.

Ku Quebec, chigawo cha Canada, galimoto yolembetsedwa kumeneko iyenera kuvala matayala a nyengo yozizira kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Sweden ayenera kuvala kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi ngati pamseu pali chipale kapena madzi oundana, ndipo mano asachepere mamilimita 3. Ku Finland nyengo yake ndi pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, malinga ndi m'mene mseu uliri. Ku Austria ndi pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mano akhale mamilimita 4. Ku Germany lamulo silitchula masiku. Limangoti pa mseu wa chipale kapena madzi oundana galimoto iyende ndi matayala oyenera, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 oyenerawo ndi okhawo a chizindikiro cha phiri. Anthu a kumeneko amangokumbukira kuti kuyambira Okutobala mpaka Pasaka. Ku France, kuyambira 2021, m'madera a mapiri munthu ayenera kukhala ndi matayala a chisanu kapena kunyamula matcheni kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi.

Ku Britain, kumene kuli ana athu ambiri, kulibe lamulo lokakamiza. Lamulo limangofuna kuti mano a tayala asachepere mamilimita 1.6. Apa mpamene pali msampha, pakuti munthu amayesa kuti chimene lamulo silinena nchosafunika. Koma mseu wouma madzi m'mamawa wa Januwale suwerenga malamulo. Wogwira ntchito ya usiku, kapena woyenda nyumba ndi nyumba kusamala odwala m'miseu ya kumidzi imene sathirako mchere msanga, ayenera kudziganizira yekha.

Za magudumu

Chitsulo chozungulira chimene tayala limavala amakaniko amachitcha limu. Anthu ozolowera kumaiko ozizira amasunga malimu awiri pa gudumu lirilonse: anai ovala matayala a dzuwa, anai ovala a chisanu. Akatero, kusintha kumangokhala kumasula manati ndi kumanga, ndipo sapita kawiri pa chaka kukalipira wovula ndi kuveka matayala. Kuvulavula kumaononganso milomo ya tayala.

Malimu alipo a chitsulo ndi a aluminiyamu. M'nyengo yachisanu maboma amawaza mchere m'miseu kuti madzi asaume, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Limu yachitsulo imachita dzimbiri, koma njotsika mtengo, ndipo ikagunda dzenje imapindika nkutheka kuongoledwa. Ya aluminiyamu njopepuka ndi yokongola, koma ikagunda kwambiri ingathe kung'aluka, ndipo mchere ukalowa pamene utoto wakandika imayamba kutuwa ndi kudyeka. Wa ndalama zochepa asachite manyazi kusankha yachitsulo.

Tayala lopapatiza pang'ono limachita bwino m'chipale chakuya ndi chosungunuka kuposa lotambalala. Inu amene mumaoloka madambo mumadziwa kuti ndodo imafika polimba msanga, pamene thabwa limangoyandama pamwamba pa matope. Nchifukwa chake ambiri amatsitsa limu ndi inchi imodzi m'nyengo yozizira. Galimoto yovala 225/45 R17 nthawi zambiri imalola 205/55 R16, pakuti msinkhu wa gudumu lonse umakhala pafupifupi womwewo, ndipo chosonyeza liwiro sichinama. Tayala lotere nlotsikanso mtengo, ndipo m'mbali mwake mwatalika moteteza limu ku maenje. Koma izi zichitike pokhapokha buku la galimoto litalola, ndipo limu yaing'onoyo isakhudze mabuleki.

Limu siigulidwa poiyang'ana ndi maso okha. Pali zinthu zinai zoti zifanane. Choyamba, chiwerengero cha mabowo a mabawuti ndi kutalikirana kwake: magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali ndi 4x100, a Toyota aakulupo ambiri 5x114.3, ndipo a Volkswagen ndi Mercedes-Benz ambiri 5x112. Chachiwiri, bowo lalikulu la pakati likhale lokwana bwino. Chachitatu, nambala yolembedwa ndi zilembo zakuti ET, imene imanena kuti gudumu lilowa m'kati kapena lituluka kunja motani. Ikalakwika tayala limakhula thupi la galimoto pokhota. Chachinai, manati akhale oyenera limu imeneyo, pakuti a limu ya aluminiyamu ena sakhala bwino pa yachitsulo. Magalimoto atsopano ambiri ali ndi kachipangizo m'gudumu kodziwitsa woyendetsa mphepo ikachepa, tsono wogula malimu ena afunse ngati afunikanso tizipangizo timeneti. Ndipo atamanga magudumu, akayenda makilomita 50 kapena 100, aonenso ngati manati ali olimba.

Anai onse, osati awiri

Pali kulakwa kumene anthu ofuna kusunga ndalama amachita kawirikawiri. Amagula matayala awiri okha a chisanu nawaika kutsogolo, poti kumeneko nkumene injini imakokera. Galimoto yotere imanyamuka bwino, woyendetsa nalimba mtima. Koma pokhota kapena pogwira buleki, kutsogolo kumagwira pamene kumbuyo kukuterera, ndipo galimoto imatembenuka kuyang'ana kumene yachokera. Akaika kumbuyo kokha, galimoto imakana kukhota nipitirira molunjika. Mlimi samanga ng'ombe yamphamvu ndi yodwala pa goli limodzi nayembekeza mzere woongoka. Matayala akhale anai, a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi.

Kulakwa kwina nkwa eni magalimoto okoka ndi magudumu onse anai. Iwo amati, "Yanga siititimira." Nzoona kuti imanyamuka bwino ndi kukwera zitunda. Koma poima, galimoto iriyonse imagwira ndi magudumu anai omwewo, ndipo yaikulu yolemera imavuta koposa kuimitsa. Kukoka ndi magudumu anai kumathandiza kupita, sikuthandiza kuima.

Kusamala ndi kusunga

Wogula agule msanga, m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala. Chipale choyamba chikagwa aliyense amathamangira ku galaja, mizere imatalika ndipo misinkhu yofunika imatha. Nchimodzimodzi ndi wofuna mbeu mvula itagwa kale.

Mphepo ya m'tayala imachepa mphamvu kukazizira, pafupifupi paundi imodzi pa madigiri 5 kapena 6 alionse. Choncho ayeze kamodzi pa mwezi, m'mawa galimoto isanayende, napope molingana ndi kapepala ka pachitseko kaja. Mano akatsala mamilimita 4, tayala la chisanu latha ntchito yake ya m'chipale ngakhale lioneke labwino. Matayala ena ali ndi muvi pambali wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo asamangidwe chobwerera.

Nyengo ikafunda, kutentha kukamakhala pamwamba pa madigiri 7, avule matayalawo, awatsuke mchere, alembe ndi choko malo amene lirilonse linali, nawasunge pouma, pozizira, posafika dzuwa ndi mafuta. Za mtengo, mwana wanu akadandaula mumkumbutse kuti pamene matayala ena akuyenda, enawo akupuma, kotero onse amakhalitsa. Mtengo wa matayala anai sungafanane ndi wa galimoto yoonongeka, ndipo moyo ulibe sitolo. Akumbukirenso kuti tayala labwino silichotsa kuterera konse, limangochepetsa. Liwiro lochepa ndi mpata waukulu pakati pa iye ndi galimoto ya patsogolo nzofunikabe.

Matayala amenewa akafika kuno

Tsopano tibwerere kwathu. Mlimi akagulitsa fodya, soya kapena mtedza nagula galimoto ya ku Japan yodzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, kapena akagula matayala a kaunjika pamsika, ayang'ane pambali. Akaona chithunzi cha phiri la nsonga zitatu pamodzi ndi timing'alu tambirimbiri pa mano, kapena mau akuti STUDLESS, kapena maina onga Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx ndi X-Ice, adziwe kuti limenelo ndi tayala la chisanu.

Maso amanyengeka, pakuti mano ake ngakuya ndipo limaoneka lamphamvu. Koma mphira umene unapangidwa kuti ufewe m'chisanu umafewa mopitirira pa tara wa Okutobala ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga. Limadyeka msanga, galimoto imagwedezeka pokhota, ndipo mtunda woimira umatalika, makamaka pa tara wonyowa mvula zikayamba. Ambiri a matayala amenewa anachotsedwa kwao chifukwa anakalamba. Tsono tayala lokalamba, lofewa, lopanda mphepo yokwanira, pa galimoto yodzaza anthu ndi matumba a chimanga padzuwa loswa mtengo, ndilo limatentha mpaka kuphulika. Ndiponso musayese kuti popeza nla chipale ndiye kuti nla matope. Timing'alu tija sitithandiza m'matope akuya a miseu yathu ya kumidzi; kumeneko kumafunika tayala la mano akuluakulu otalikirana.

Wogula galimoto yotere awerengere mtengo wa matayala ena pa mtengo wa galimotoyo, ndipo awasinthe asanayambe kunyamula anthu. Inu mafumu ndi nyakwawa, galimoto imene imatenga odwala a m'mudzi mwanu kupita ku chipatala, kapena amai kupita ku msika, muli ndi ufulu wakuiyang'ana ndi kumfunsa mwini wake. Kuwerenga manambala anai a DOT sikufuna sukulu yaikulu.

Mau otsiriza

Tisanatsazikane, tibwereze zimene muyenera kuuza ana anu okhala kumaiko ozizira mukamalankhula nao pa foni. Afunse lamulo la dziko limene ali, ndi mtundu wa tayala umene eni dera amagwiritsa ntchito. Agule matayala anai a chizindikiro cha phiri, a msinkhu umene buku la galimoto likulola, chisanu chisanafike. Aone chaka chimene anapangidwa ndi kuya kwa mano. Akagula malimu, atsimikize kuti ngoyenera galimoto yao. Ayeze mphepo mwezi uliwonse, ndipo ayende pang'onopang'ono.

Mwana wina adzachita manyazi kufunsa anzake a kuntchito, poopa kuoneka mlendo wosadziwa kanthu. Mumkumbutse mau a akulu akuti safunsa anadya phula. Eni dziko anabadwira m'chisanu chimenecho, ndipo iwo omwe amasintha matayala chaka ndi chaka.

Mafumu, kambani nkhaniyi pa bwalo kuti amene alibe wailesi amvenso.